Thirteen Hours ya Deon Meyer, buku lomwe latiyambanitsa pa gulupu

Kwa amene simunalionepo, Thirteen Hours analemba ndi Deon Meyer, mzungu wa konkuno ku South Africa wobadwira ku Paarl mu 1958, poyamba anali mtolankhani kenako nkuyamba kulemba mabuku a apolisi ndi zigawenga. Iyeyu amalemba m'Chibunu, ndiye bukuli linayamba kutuluka mu 2008 lili 13 Uur, la Chingerezi lomwe tawerenga ifeli linabwera mu 2010 atamasulira K.L. Seegers, ndipo mu 2011 linawina mphoto ya Barry ku America. Masamba ake ndi cha m'ma 400. Si latsopano ayi, kungoti ife kagulu kathu ka Amalawi owerenga mabuku kuno ku Johannesburg latipeza mochedwa, koma chilowereni buku limeneli pa gulupu mtendere kulibe.

Kagulu kake si kapamwamba, musaganize za anthu okhala pa sofa ndi matambula a wayini. Ena ndi alonda, ena maweita, wina ndi telala ku Fordsburg, achemwali ena amagwira za m'nyumba, kuli amayi a Mvano, kulinso madala ena otchona amene anafika ku Joni kuno Mandela asanatuluke kundende. Buku timagula limodzi nkumapatsirana, ili ndinagula ine kwa anyamata oyala mabuku pansi aja cha ku Park Station, lopindika m'makona koma masamba onse alimo, ndalama yake sinafike ndi R100 yomwe. Nthawi zambiri munthu akamaliza amangolemba kuti linali bho, basi. Ulendo uno anthu akutumiza mavoisi noti otha bandulo.

Nkhani yonse ikuchitika tsiku limodzi ku Cape Town, kuyambira 05:36 m'mawa mpaka madzulo, ndipo zigawo zake anazilemba ndi nthawi moti umawerenga uku ukuona maola akutha. Mtsikana wa ku America, Rachel Anderson, akuthawa pa phiri la Lion's Head anyamata ali pambuyo, mnzake amene anabwera naye kudzaona Africa wapezeka atadulidwa pakhosi pabwalo la tchalitchi mu Long Street. Rachel sakukhulupirira aliyense, ndi apolisi omwe. Mbali inayi bwana wa kampani yojambula nyimbo za Chibunu, Adam Barnard, wapezeka atawomberedwa m'nyumba mwake, ndipo mkazi wake Alexa, amene kale anali woimba wotchuka koma mowa unamumaliza, wadzuka ndi matsire mtembo uli pambali pake. Milandu iwiri yonseyi ikudutsa m'manja mwa Benny Griessel, wapolisi wofufuza amene watha masiku 156 asanalawe mowa, mkazi wake anamutulutsa pakhomo, ndipo ntchito yomwe amupatsa ndi yoongolera apolisi ocheperako msinkhu pa ntchito: Vusi Ndabeni, Fransman Dekker ndi mayi wina wa Chizulu, Mbali Kaleni. Magetsi azimanso mtauni, maloboti sakuyaka, pamsewu pathina. Za 2008 zimenezo, chaka chomwe load shedding inatilowerera, ndiye apa pokha palibe anatsutsa, tonse tinangoti eya.

Oyamba kuliyamikira anali achimwene ena a ku Mangochi amene amalonda usiku pa mafulati ena ku Randburg. Akuti chiyambireni ulonda sanaonepo chinthu chochotsa tulo ngati buku limeneli, khofi achepa. Mfundo yawo ndi yoti Meyer amadziwa podula, amakusiya Rachel atabisala m'yadi ya eni anyamata akuzungulira pafupi nkukunyamula ulendo ku ofesi ya oimba, iwe mtima uli phaphapha, ndiye umangoti ndiwerengeko tsamba limodzi lokha, kuzindikira kunja kwayera. Anakondanso zoti apolisi ake si a m'mafilimu oti chilichonse amadziwiratu, awa akuchedwa pamsewu, anthu owathandiza sakukwana, mabwana akuwaimbira foni mphindi iliyonse kufuna mayankho omwe kulibe. Pa liwiro pokha ndiye ndili nawo achimwenewa, sindinama. Ziganizo zake nzazifupi, palibe zoyamba kufotokoza mtundu wa mitambo masamba atatu, ndipo nthawi zolembedwa pamwamba zija zimagwiradi ntchito, si zokongoletsa.

Ndiye achemwali ena a ku Ntcheu, amene amagwira ntchito ya m'nyumba ku Sandton, anangobwera ndi funso limodzi lomwe linasokoneza zonse. "Achimwene, inu mwatengeka ndi kuthamanga. Tandiuzeni, akanakhala mtsikana wa kwathu ku Ntcheu akusakidwa mu Hillbrow, ndani akanaimbira nduna?" Chifukwa m'bukumu chomwe chikupangitsa mabwana onse apolisi kutuluka thukuta ndi choti bambo ake a Rachel ali ku America akukanikiza andale, ofesi ya kazembe ili tcheru, ndipo aliyense akuopa manyazi oti mlendo wachiwiri afe tsiku limodzi. Achemwaliwa akuti iwo sanathe kumuopera Rachel momwe wolemba amafunira, tsamba lililonse amangoona kusiyana kwa mitengo ya miyoyo. Anatikumbutsanso kuti chaka chomwe bukuli linatuluka, mu May 2008, ndi chomwe zipolowe zothamangitsa alendo zinayambira ku Alexandra konkuno nkufalikira dziko lonse, anthu 62 anaphedwa, Amalawi ambirimbiri anabwerera kumudzi pa mabasi ndi zovala za m'thupi zokha. Iwowo anali atafika kale nthawi imeneyo, ndiye sakamba zongomva.

Achimwene aja sanagonje. "Achemwali, bukulo silikubisa zimenezo, ndi lomwe likukuonetsani. Kodi mukanadziwa bwanji kuti akuthamangira manyazi a dziko osati mtsikanayo, wolemba akanapanda kulemba choncho?" Anawonjezanso kuti kumbukirani nthawi imeneyo South Africa imakonzekera World Cup ya 2010, nkhani ya umbanda ndi chitetezo cha alendo inali pakamwa pa aliyense, ndiye mabwana oopa manyuzipepala akunja si chinthu chopeka.

Ine apa ndaganizapo kwambiri ndipo sindinganene kuti onse akulondola mofanana. Nzoona Meyer akuonetsa poyera kuti foni yochokera ku America imasuntha mapiri, sakutipusitsa. Koma kuonetsa chinthu sikukuletsa kudyerapo. Munthu amene wamuyika pakati kuti timuwerengere mpweya wake, timve ludzu lake, tione mapazi ake akutupa, ndi mtsikana wachizungu wa ku America, ndipo wolemba aliyense wofuna kugulitsa ku London ndi ku New York amadziwa chifukwa chake. Ndiye achemwali akamati bukuli likuwapempha chisoni chomwe dziko lino silinawapatsepo iwowo, ine sindingawauze kuti awerenga molakwika. Chomwe sindikugwirizana nawo ndi kunena kuti basi ndi buku lachabe. Mantha a Rachel analembedwa bwino, ndipo mantha amenewo oti ukuona wapolisi koma sukudziwa ngati kumuyandikira ndi kupulumuka kapena ndi kudzipereka, ambirife pa gulupu paja tikuwadziwa bwino kuposa mzungu aliyense wowerengera pa ndege.

Madala athu otchona aja za Rachel analibe nazo ntchito kwenikweni. Anagwirapo ntchito m'mahotela ku Cape Town zaka zambiri asanasamukire kuno, ndiye choyamba anasangalala ndi misewu, akuti Long Street, Tamboerskloof, kukwera kwa misewu ya m'munsi mwa Table Mountain, zonse zili m'malo mwake moti amatha kuona pomwe mtsikanayo wakhotera. Koma chomwe anakakamira ndi ndale za m'kati mwa polisi. Dekker ndi mkaladi wokwiya, amaona kuti nthawi ya apartheid khungu lake linali lakuda kwambiri ndipo pano akuti layeranso kwambiri, kulikonse iye ndi wa pamzere wachiwiri. Vusi ndi Mxhosa wofatsa, waulemu, amene akuopa kulakwitsa mlandu wake waukulu. Griessel ndi mbunu wotopa amene sakudziwa ngati polisi yatsopanoyi ikumufunabe. Madala akuti zimenezi ndiye mtima wa bukuli, ndipo aliyense amene wagwirapo ntchito pakati pa magulu amenewa ku Western Cape akudziwa kuti umu ndi momwe amayang'anirana, kuseka limodzi pa tiyi koma aliyense akuwerenga amene wakwezedwa.

Telala wathu wa ku Fordsburg, mnyamata wamng'ono koma pakamwa pake mpakuthwa, anawayankha mwaulemu koma mosabweza. "Madala, zonsezo ndamva, koma pamapeto pake wophunzitsa ndi ndani? Mzungu. Akudawo ndi ophunzira, wina wamantha, wina wokwiya, wina wonenepa." Apa zinafika pa mwana wakana phala, madala anachita kuimba foni m'malo molemba. Ine ndikuona kuti telalayu wagwira china chake koma wachikokera patali. Griessel samuonetsa ngati mngelo, ndi chidakwa chomwe banja chinapasula chokha, ndipo kangapo konse achinyamatawo ndi amene akutola zomwe zikupititsa mlandu patsogolo. Koma zoti nkhani ikuzungulira pa iyeyo, ndipo maso omwe tikuonera South Africa yatsopano ndi ake, nzosakanika.

Mbali Kaleni yekha ndi amene anagwirizanitsa achemwali ndi achimwene kwa kanthawi. Mayi ameneyu anzake aamuna samukonda, amamunena kumbali, koma mutu wake umagwira kuposa ambiri a iwo ndipo satekeseka ndi munthu. Achemwali akuti ndi yekhayo amene anawapangitsa kumaliza bukuli, koma anakwiyanso kuti wolemba sangamutchule osakumbutsa za thupi lake ndi KFC yake. Ndipo nzoona, nthabwala imeneyo inabwerezedwa mpaka kusukuluka. Ena akuti akuonetsa momwe amuna a kupolisi amamuonera, chabwino, koma pena zimaoneka kuti wolembayo naye akuseka nawo.

Amayi a Mvano sanalimalize. Akuti kutukwana kwachuluka ndipo sangasunge m'chikwama chimodzi ndi buku la nyimbo. Sitinalimbane nawo, kutukwana kulimodi kwa Chingerezi ndi kwa Chibunu komwe, amene zimenezi zimakuvutani dziwiranitu. Koma m'bale wina amene anasiya mowa atatsala pang'ono kutaya ntchito ndi banja anandilembera kumbali kuti kuwerengetsera masiku osalawa mowa kuja, ndi momwe Griessel akumvera akaona Alexa akunjenjemera kufuna botolo, palibe m'busa anamufotokozerapo molondola choncho. Pa zokambirana za Griessel ndi Alexa ndi pomwe bukuli limafatsa nkukhala la anthu enieni, ndipo kwa ine ndi ena mwa masamba abwino kwambiri ngakhale mulibe wothamanga.

Chomwe pafupifupi tonse tinadandaula ndi mlandu wa kampani ya nyimbo uja. Mayina achuluka, oimba, mabwana, owerengera ndalama, aliyense ndi chinsinsi chake cha chibwenzi kapena cha ndalama, ndipo zimabwera nthawi yomwe iwe ukufuna kudziwa ngati Rachel akadali moyo. Zimakhala ngati kondakitala waimitsa minibasi yodzaza kale kuti adikire pasenjala amene akadali kubafa. Mmodzi yekha, amene amaimba kiyibodi ku tchalitchi china ku Rosettenville, ndi amene anati mbali imeneyi inamukomera chifukwa ikuonetsa momwe ndalama za woimba zimadyedwera asanazione, ndipo akuti oimba akwathu akamadandaula za ndalama zawo ndi nyimbo yomweyi. Mwina. Ine ndikanadulapo masamba angapo osamva kutaya kanthu.

Tsopano amene simunawerenge ndipo simufuna kuuzidwa mathero, dumphani ndime zitatu zikubwerazi.

Chomwe anyamata aja akumusakira Rachel chikukhudzana ndi zomwe zinachitika pa ulendo wawo wa pa thiraki yonyamula alendo kudutsa mayiko a kumtunda kuno, ndipo pansi pake pali anthu owoloketsedwa malire mobisa komanso malonda a ziwalo za anthu. Telala uja anati apa wolemba wanama mopyola, wangofuna kutidzidzimutsa, zoterezi ndi za m'mafilimu. Koma kutsutsa galu nkukumba, weita wina wa pa gulupu anamukumbutsa za ku Durban: mu 2010 kampani ya zipatala ya Netcare KwaZulu inavomera mlandu kukhoti pa maopaleshoni 109 oika impso mosatsata malamulo pa chipatala cha St Augustine's, omwe anachitika pakati pa 2001 ndi 2003, impso zambiri zikuchokera kwa amphawi a ku Brazil ndi Romania kupita kwa odwala a ndalama ochokera ku Israel. Si zofanana ndendende ndi za m'bukumu, kumeneko anthu amagulitsa impso nkubwerera kwawo, koma zikukwanira kuonetsa kuti Meyer sanazitole m'maloto. Nanga ife a ku Malawi, ndi zomwe abale athu achialubino adutsamo, nkhani ya ziwalo tingaitche nthano?

Za kuwoloketsa anthu ndiye sitinafunike kuuzidwa ndi buku. Msewu wa Mwanza, Zobue, Tete, Nyamapanda mpaka Beitbridge tonse tikuudziwa, ndipo tikudziwanso kuti si onse amaudutsa atakhala pa mpando pasipoti ili m'manja. Mu March 2020 anthu 64 a ku Ethiopia anapezeka atafa mu kontena ya thiraki ku Tete, thirakiyo ikuchokera ku Malawi. Mu October 2022 mitembo pafupifupi 30 inafukulidwa m'nkhalango ya Mtangatanga ku Mzimba, anthu omwe akuganiziridwa kuti analinso a ku Ethiopia pa ulendo wobwera konkuno.

Ndipo apa ndi pomwe achemwali anamenya msomali womaliza, ine nkuwavomereza. Anthu amene avutika kwambiri m'nkhani yonseyi, owoloketsedwawo, sitikuwadziwa ngati anthu. Akubwera kumapeto ngati yankho la funso loti nchifukwa chiyani mtsikana wa ku America akuthamangitsidwa. Maola 13 tathera pa munthu amene anaona, pamene amene zinawachitikira angotchulidwa modutsa. Achimwene a ulonda akuti buku la mtundu uwu limayenda choncho, chinsinsi chimayenera kubisika mpaka kumapeto, ukawaonetsa msanga anthuwo ndiye palibenso chofufuza. Zomveka ndithu, koma mathero akewo anabweranso mothamanga, zinthu zambiri zikumasulidwa ndi pakamwa m'masamba ochepa, ndipo polumikiza milandu iwiri ija ine ndinaona ulusi wosokera. Telala nayenso anauona, ndi ntchito yake kkkk.

Amene munadumpha, bwererani apa.

Chingerezi chake si chovuta, amene anafika Fomu 4 sangafune dikishonale pafupipafupi. Muli timawu ta Chibunu ndi ta m'misewu ya ku Cape Town apo ndi apo, koma amene mwakhalitsa kuno mumatimva kale kuntchito ndi m'matekisi, ndipo amene muli kumudzi mudzatola tanthauzo pa nkhani yomweyo. Mayina a anthu ndiwo ambiri, makamaka mbali ya oimba, wina pa gulupu anachita kuwalemba kuseri kwa lisiti ya shopu kuti asasokonezeke. Latsopano mulipeza ku mashopu a mabuku a m'ma mall ngati Exclusive Books kapena muitanitse, koma mabuku a Meyer ndi osasowa kwa ogulitsa akale, ingoonetsetsani kuti mwatenga la Chingerezi chifukwa a Chibunu amayalidwa pamodzimodzi, komanso muone tsamba lomaliza ngati lilipo musanapereke ndalama.

Pa nyenyezi zisanu, achimwene a ulonda apereka 5 ndipo akuti akanapereka 6. Madala 4. Telala 3, akuti imodzi ndi ya Vusi. Achemwali 2, zonse ziwiri za Mbali Kaleni. Amayi a Mvano akana kuvota. Ine ndikupereka 4, chifukwa ntchito yomwe buku lotere limalonjeza, yokugwira pakhosi mpaka ulimalize, laichita bwino kwambiri, ndipo yachisanuyo ndachotsera oimba aja ndi anthu opanda nkhope a kumapeto. Ngati mumagwira shifiti ya usiku kapena muli ndi ulendo wa pa basi wopita kumudzi, gulani. Ngati mukufuna kudziwa momwe Griessel anafikira potulutsidwa pakhomo, yambani ndi Devil's Peak, ndi lomwe linatsogola, ngakhale ili limamveka palokha. Ife lotsatira asankha ndi achemwali, ndipo anena kale kuti wolemba wake akhala mzimayi wakuda, achimwene afune asafune.